Mwala wa M'thumba Langa

Kalata inapita Lolemba pa njinga ya Fanuwelo Mukhuna,
itakulungidwa m'pepala la shuga kuopa chiperoni.
Lamulo limati masiku awiri asanakwane a DC adziwe,
apolisi adziwe, ndi msewu umene mudzaponde.
Tinalemba kuti tichokera pa Chitakale kukafika pa boma,
ndipo nkhani yake ndi sikelo.

Sikelo ija imadya makilo awiri pa dengu lililonse,
ati ndi mame.
Mame a masana, dzuwa lili paliwombo?

Lachinayi anandimanga kansalu koyera pamkono,
ine Edinesi Nampinga, wa zala zoda ndi utomoni wa tiyi,
kuti ndiyende m'mbali mwa mzere ngati mpanda.
Theka la phula n'lathu, theka n'la minibasi ndi ambulansi.
Khasu litsale pakhomo, chikwanje chitsale,
ngakhale ndodo ya a Likoswe tinakangana nayo
mpaka anationetsa bondo lotupa.

Phiri linatiyang'ana litafunda mtambo mpaka m'khosi.
Wapolisi wina anali mwana wa Anamakhwa;
ndinamuona akuwerenga nkhope zathu,
atafika pa ya amayi ake anayang'ana nsapato.

Pakamlatho, galimoto ya a manijala inadutsa, magalasi ali chitsekere.
Wisikesi, mnyamata wa chaka chimodzi chokha pa esiteti,
anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato,
pomwe anali wosavala.

Ndinamugwira dzanja. Linkatentha ngati la malungo.
"Amayi, pepala linathyolapo sikelo liti?"
Yankho lokwana ndinalibe.
Ndinangoti, ukauponya, mawa mlandu ukhala wa galasi,
sikelo aiiwala,
utsi wokhetsa misozi utimwaza m'mizere ya tiyi
ndipo chilolezo choyenda pano chithera m'manja mwakomo.
Zala zake zinamasuka chimodzichimodzi,
chala chachikulu pomalizira.

Pa boma anatuluka bambo wa tayi yofiira,
nalandira madandaulo athu, nadinda chidindo pa kope lathu.
"Tiziona."
Tinabalalika nthawi ya nkhomaliro isanakwane,
monga tinalonjezera m'kalata.

Lachisanu sikelo inadyabe makilo ake awiri.
Koma Enifa anatchula nambala mokweza,
wapambuyo pake anatchulanso,
mzere wonse mpaka kumapeto,
ndipo cholembera cha kalaliki chinaima kaye m'malere.

Mwala uja ndinabwera nawo kunyumba.
Uli pazenera, ukupsinja kope lija kuti mphepo isaliulutse.
Wisikesi sandipatsa moni masiku ano,
koma msonkhano wa Loweruka anabwera, nakhala kumbuyo.

Usiku wina ndimaunyamula, n'kuuyeza m'chikhatho.
Sufika ndi theka la kilo lomwe.
Ndisaname, umakwana bwino m'dzanja langanso.
Ndimaubwezera papepala,
n'kuzimitsa nyali.