Jeki Ndi Mlendo

Loweruka ku Chonde, chiperoni chitangoleka,
ndatulutsa njinga yamoto ya matayala atatu kuseri kwa nyumba.
Tayala la kumanzere lalira sabata yonse
ngati mwanapiye wosochera m'munda wa tiyi,
ndipo dzulo pa Luchenza anyamata a kabaza anandiseka.

Achimwene a Mulipa akhala pa ndowa yovundikira,
dzanja lamanja m'thumba la jekete.
Ndi momwe limakhala masiku ano.

"Osati pamenepo, Elube. Ndi potsetsereka.
Madzi a padenga amadziwa, iwe sudziwa?"
Ndaikankhira pa simenti poyanika nandolo.

Ndatsitsa zinanazi zonse,
ngakhale zitatu zowola zija za pansi.
Kiyi ndazula, ndamanga pa nsonga ya chitenje.
Giya yoyamba. Buleki ya kutsogolo ndaikulunga ndi mphira
mpaka chogwirira chapsompsona chiwongolero.
Mwala kutsogolo kwa tayala, mwala kumbuyo kwake,
kenako tayala linalo chimodzimodzi.
Injini ikadatentha, ndiye tadikira,
tikuyang'ana phiri likuvula mtambo pang'onopang'ono.

"Manati umamasula njinga ikadali pansi.
Pang'ono pokha. Angodzuka, asachoke pa mphasa."

Thabwa pansi, jeki pamwamba pa thabwa,
mutu wake pa msana wachitsulo,
osati pa mimba ya injini pomwe pagona oilo.
Ndikupopa. Chitsulo chikutsokomola.
Pakati pa tayala ndi simenti palowa kuwala
kokwana zala ziwiri.

Zala ziwiri. Sindinanene mokweza.

Iwo anakweza ndi jeki yobwereka kwa dalaivala wa minibasi,
pa katondo wonyowa, mwezi wa Febuluwale,
njerwa zitatu zosanja m'mbali.
Alamu anali kuchigayo. Ine ndinali kumsika.
Jeki inamira mwakachetechete, osatsanzika,
njerwa inaphulika ngati chigumu chouma,
ndipo amene anamva kukuwa
anali mtsikana wogulitsa nthochi pamsewu.
Sitidziwa dzina lake mpaka lero.

"Jeki ndi mlendo," akutero tsopano,
"amakuthandiza kusenza, koma sagona pakhomo.
Chipika ndiye mbale wako."

Zipika ziwiri za bulugamu, zodulidwa mutu wosalala,
zomwe alamu akhala akuzipempha nkhuni chaka chonse,
ndazilowetsa pansi pa msana uja.
Ndatsitsa jeki pang'ono, njinga yakhala pa mtengo,
mtengo wang'ung'udza kamodzi, wavomera.

"Igwedeze."
Ndagwedeza.
"Ukuisisita ngati khanda. Igwedeze ngati ili ndi ngongole yako."
Ndaikankha ndi phewa, ndaikoka, ndaimenya ndi chiuno.
Zii.

Ndaziona wabwera ndi mpira wake wa mapepala,
maso ali pansi pa njinga pomwe pali mthunzi wabwino.
Bambo ake ajambula mzere ndi phazi pa dothi:
uwoloke apa, Lamulungu sudya kanyenya.
Wakhala pa mzere penipeni, chala chimodzi chaphazi chitadutsa.

Tayala lachoka. Ndaligoneka pansi pa chitsulo,
kuti zonse zikakana, ligwire ndilo.
Mkati muli girisi wakuda wosakanikirana ndi fumbi la ku Limbuli,
ndi beringi yotha mano.
Nayi mbalame imalira ija.

Ndasowa poika manati.
Simenti ili ndi mng'alu, akagwamo sabwerera.
Ndayang'ana uku ndi uku,
ndipo achimwene atulutsa dzanja m'thumba,
alitambasula padzuwa:
chala chachikulu, cholozera, chapakati,
kenako khungu losalala, losokedwa bwino.

Ndaikamo manati anayi, ozizira, amafuta.
Lafumbata. Palibe lomwe lagwa.

"Fulumira," akutero, "mitambo ikubwerera ku phiri,
ndipo zinanazi zako mbuzi ya a Namakhwa yaziona."