Nsapato ya Chigumira

Masana ku Mbare Musika
wapolisi Chigumira amandithamangitsa.
Ndimamudziwa ndisanamuone:
nsapato yake yakumanzere imalira.
Tomato wanga amagubudukira kunsi kwa makombi,
ine liwiro, katoni pamutu, chitenje m'manja.

Koma Lachinayi magetsi atathima ku Matapi,
Esinati wanga atachedwa kusukulu yamadzulo,
anyamata osuta mutoriro atadzadza pamasitepe,
ndinamva nsapato yomweyo
ikukwera mumdima, pang'onopang'ono,
tochi patsogolo, mwana pambuyo.

"Mayi, asamayende yekha uyu."
Sanalowe. Ngakhale madzi anakana.

M'mawa ndinayalanso tomato pamalo paja.
Nsapato inayamba kulira ikadali kutali,
inalira, inalira,
ngati munthu wotsokomola dala pakhomo.
Kuthawa ndinathawa ndithu.
Koma tsiku limenelo
sindinataye tomato ndi mmodzi yemwe.