Chigoba

Ku Kaohsiung, pansanjika yachisanu ndi chinayi,
namondwe wazimitsa magetsi.
Kampopi ka mpweya kangoti zii.

Yu-chen wagwada pa thanki yagalasi,
tochi kukamwa,
akutunga madzi ndi kapu nʼkuwathiramonso
pangʼonopangʼono, kuti tishirimpi take tipume.
Chakudya ayi, lero tigone ndi njala.
Chotsala chimawola,
ndipo madzi akamaipa sachenjeza.

Kutacha, pakati pa ndere,
kathupi koyera, mbee, kosagwedezeka.
Mtima myuu!
Akuwerenga ndi chala pagalasi,
kusokoneza, kuyambiranso.

Khumi ndi tiwiri. Tonse tilipo.

Kamodzi kangovula chigoba chakale,
kabisala kunsi kwa tsamba
kudikira khungu lilimbe.
Kena, mazira achikasu pamimba,
kakuwakupiza ndi timiyendo
monga iye anachitira usiku wonse.