Mtima wa Mbuzi

Dzina langa silinatuluke.
Ndinawerenga mndandanda katatu pa foni ya alamu,
kuyambira pamwamba, kuyambira pansi,
kachitatu ndi chala, ngati wosankha mpunga.
Pakati pa Nkhoma ndi Nyirenda
panali kampata kopyapyala
pomwe pakadakhala Nthala, Ndaziona.

Tsopano ndi Juni, Kawale akuzizira.
Ndimatsegula kakontena kanga sikisi koloko,
buku la kemisitiri pansi pa kauntala,
masamba ake ada ndi zala zowerenga ndalama za eni.
"Sisi, nditapeko faifi sauzande."
Ndimasiya maelekitironi ali pamzere,
pobwerera ndimapeza abalalika
ngati ana a sukulu belu likalira.

Amayi safunsa kanthu.
Amangogula makandulo awiri m'malo mwa imodzi.
Ofunsa ndi azakhali a ku Biwi:
"Kodi uphunzitsi unakulakwira chiyani?
Anzako akutuwa ndi maukwati, iwe ukutuwa ndi mabuku."
Ndimaseka. Kuseka sikunakwere mtengo.

Tinyade, yemwe tinkagawana naye tchipisi pa geti,
anatumiza chithunzi: chovala choyera mbee,
kachipangizo komvera mtima kali lende m'khosi.
Ndinalemba kuti "Zabwino zonse mnzanga,"
ndinafufuta, ndinalembanso zomwezo.
Kenako bandulo inatha,
ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaithokoza.

Lachitatu lapitali a Kachingwe a pabutchala
anandikodola ndi mpeni m'manja:
"Adokotala, tabwerani kuno."
Mpaka lero sindidziwa ngati ankandinena.
Anayala nyuzipepala, n'kuikapo mtima wa mbuzi,
wofundabe, wolemera kuposa mmene buku limanenera.
Anaung'amba pakati. Zipinda zinayi.
Ndinapisa chala mumtsempha waukulu,
chinakatulukira kumanzere
kumene khoma lake n'lochindikala.
Funso lomwe lija ndinalakwa chaka chatha,
nambala twente-sikisi,
lili apa, likuchucha magazi patsamba la zamasewero,
ntchentche ziwiri zikuliwerenga nane.
"Mwamaliza? Kasitomala akudikira."
Mtima uja unalowa mujumbo,
unapita ku Mchesi kukakhala ndiwo zamadzulo.

Sindinena za abambo,
za benchi la ku Central, za usiku uja,
dokotala mmodzi, mzere mpaka pakhonde,
ine nditanyamula nsapato zawo.
Nkhani imeneyo ilibe malikisi.
Woyang'anira mayeso safunsa chimene wadzera,
amangoti tembenuzani mapepala, yambani.

Ndiye ndimayamba.
Magetsi akathima leveni koloko,
agalu a kwa aneba akayamba msonkhano wawo,
ndimatchera alamu ya foni maola awiri,
ndimakhala ngati ndili muholo muja,
mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisandibe.
Fizikisi amandiluma pamalo pomwe pakale.
Masamu ayamba kundizolowera,
ngati galu amene wasiya kuuwa
koma sanayambe kugwedeza mchira.

Masiku ena ndimadana nalo dzina lakuti wobwereza.
Limamveka ngati chovala cha pakaunjika,
chochapa bwino, koma aliyense akudziwa.
Masiku ena ndimaona wakabaza akukwera chitunda cha ku Falls,
thumba la makala kumbuyo, ataimirira pamapedulo,
ndipo palibe womufunsa kuti ndi kachingati.

Risiti ya mayeso ili m'Baibulo la amayi,
pa Masalimo, pomwe amasunganso khadi la kuchipatala.
Atsala masiku makumi anayi ndi limodzi.
Pensulo ndagula ziwiri.

Usiku uno kandulo yachiwiri yafika pachitsa.
Ndaika zala ziwiri padzanja langa,
pansi pa chala chachikulu, monga buku linanenera.
Ndawerenga mphindi yathunthu.
Eyite-foro.
Wathamangako pang'ono, mbuzi iwe,
koma khoma lakumanzere likukankhabe.
Kuseri kwa katani amayi atsokomola,
atembenuka,
akunamizira kugona.