Mndandanda wa Thora

Lachiwiri lililonse pantoni ikakocheza pa Westray,
Drever wa positi amakwera chitunda chathuchi
ali wefuwefu, envelopu ili m'chikwama.
Galu amamudziwa ndi mapazi.
M'envelopumo mumakhala chimbale chimodzi.
Chimodzi basi.

Maren wabwera kuchokera ku Aberdeen
ndi kabokosi kakuda, kukula ngati sopo.
Akuti, Bambo, taonani kuno,
mafilimu zikwizikwi,
osadikira pantoni, osamata envelopu,
mungodina apa.
Ndipo n'kotchipa kuposa zimbale zanu zokandikazi.

Ndadina.
Nkhope zatuluka mizeremizere
ngati nkhosa tsiku la msika,
iliyonse ikundikodola.
Ndatsika nazo, ndakwera nazo,
tiyi wachita kuzizira m'kapu
ndisanasankhe kanthu.
Kenako kabokosi kandiuza kuti, Mwina mungakonde iyi.
Kandidziwira kuti?
Tangoonana lero.

Usiku mphepo yakumpoto itayamba kukankha zitseko
intaneti yafooka.
Munthu wa pa kanema wangoti kukamwa yasa,
mawu atamuthawa,
kamkombero kakuzungulira pamphumi pake,
kuzungulira, kuzungulira.
Maren akuti n'zalero lokha.

Sindinama, zimbale nazo zili ndi mlandu.
Januwale uja nyanja inakwiya masiku asanu ndi anayi,
pantoni osaoneka,
ndinaonera filimu imodzimodzi mpaka kuloweza
pamene wapolisi amatsokomola.
China chinadumpha kumapeto kwenikweni,
moti mpaka pano sindidziwa anaba ndalama zija ndani.

Koma pali chimene mwanayu sindinamuuze.

Mndandanda wa zimbalezi si wanga.
Anaulemba mayi ake, chisanu chija ankadwala,
pa kompyuta ya kukhitchini,
magalasi ali pansonga ya mphuno,
chala chimodzi, go, go, go.
Mafilimu zana ndi khumi ndi awiri.
Iye anaonera khumi ndi asanu ndi anayi.
A kampani sadziwa za maliro,
amangotumiza monga anasanjira mwiniwake,
ndipo ine sindisuzumira kutsogolo.

Ena ndi oipa, kunena zoona.
Thora ankakonda aja anthu amati ali pakati pa mkangano
mwadzidzidzi n'kuyamba kuimba.
Ndimacheukira mpando wake n'kufunsa,
Iwe, chimenechinso n'chiyani?
Mpando uli zii.
Koma ndimaonera mpaka mayina atatha.

Sabata yatha kunabwera ya msodzi wina wouma mutu,
wosalankhula, wosapepesa,
wodya chakudya chake ali chilili.
Patangopita mphindi khumi ndinadziwa
kuti mkazi uja akundinena.
Ndinaseka ndekha mpaka galu anadzuka.

Lero m'mawa ndamuuza Maren zonsezi, tikutsuka mbale.
Wakhala chete, madzi akutayika.
Kenako akuti, Koma Bambo, ambiri mwa amenewa
ali m'kabokosimu,
mukhoza kuwamaliza onse sabata ziwiri.

Ndati, Mwanawe, n'zimenezo ndikuopa.

Atsala makumi atatu ndi imodzi.
Imodzi pa sabata, nyanja ikalola.
Andiperekeza kudutsa nyengo yoswa nkhosa,
kudutsa masiku aja dzuwa limakana kulowa,
mpaka atsekwe atabwerera m'minda ya balere.
Kuona maso a nkhono n'kudekha,
ndipo ine ndilibe kothamangira.

Kabokosi kakhale pomwepo, kuseri kwa wotchi.
Sindikukana.
Lidzafika Lachiwiri lina
Drever adzangondibweretsera bilu ya magetsi,
ndipo tsiku limenelo ndidzafuna nkhope zambirimbiri zija,
ngakhale zosandidziwa.

Maren akukwera pantoni ya Lachisanu.
Rimoti wandilembera manambala ndi cholembera chofiira,
wani, thu, fili,
ngati ndine mwana wa sukulu.
Ine ndamupatsira envelopu yobweza, ya msodzi uja,
kuti akaiponye kutsidya, ifulumire.
Waitembenuza, waona dzina la mayi ake pa adiresi,
waiika m'thumba la mkati.