Chipeso cha Mano Atatu

Lachitatu masana, ku Tsangano,
ana a Sitandade 2 ataweruka, tinalowa ife,
mawondo athu okana kulowa pansi pa madesiki,
mphepo ya Juni ikudutsa pa zenera lopanda galasi.

Aphunzitsi athu, Nandau,
wamsinkhu wa mwana wanga wachitatu,
anabweza choko m'thumba.
Anati lero a e i o u apume kaye,
kokani mabenchi tiyang'anane.
Zilembozi mukazidziwa, mupita nazo kuti?

Zii.
Wina anatsokomola. Wina anakonza duku lokonzakonza kale.

Anayamba ndi Nangozo wa kabichi pamsewu:
Ine ndatopa ndi inki pachala.
Ku banki m'khonde anzanga amasaina,
ine ndimadinda ngati ndapalamula.
Kodi dzina langa lili ndi zilembo zingati?
Zisanu ndi ziwiri, anatero aphunzitsi.
Basi? Ndiye zachepa kuposa mbuzi zanga!

A Zuze anaimirira ngati ali pamsonkhano:
Ine ndikufuna zonse,
Chingerezi, nyuzi, malamulo a dziko.
Tinaseka mpaka benchi kugwedera.
Nanyoni anati, Bambo, zonse ndi munda wa maekala khumi,
inu khasu ndi limodzi. Lozani mzere.
Anakhala pansi, nakanda m'mutu,
kenaka chapansipansi: Sikelo.
Mavenda akapachika thumba langa la kachewere
muvi umaloza, iwo amatchula, ine ndimavomera.
Ndikufuna wotchula ndikhale ine.

Liti? anafunsa Nandau.
Pajatu ulendo wopanda tsiku umathera pakhonde.
Tinakangana pang'ono,
ena ati Khirisimasi, ena ati mwachedwetsa,
mpaka tinapangana: pokumba kachewere wa kudimba.

Dorika anatulutsa foni yomanga ndi mphira.
Mwana wanga wa ku Joni akalemba uthenga
amandiwerengera ndi mnyamata wa a neba.
Ndalama ndisanaigwire,
mudzi wonse wabwera kale kudzabwereka.

Mawu anazungulira choncho ngati chipanda,
mpaka anandipeza.
Ndinati ine ndingotsatira anzanga.
Anakana.
Nangozo anati tonse tavula pano,
inu nokha musambe ndi jekete?

Ndinayang'ana nsapato zanga.
Ndinati mkazi wanga, Esinati,
anatisiya chaka cha dzana, mvula itangoyamba.
Ana anamanga chiliza,
mmisiri wa ku boma analemba simenti ili yaiwisi.
Tikapita kokalambula kumanda
ine ndimatsalira m'mbuyo,
ndimayendetsa chala m'timikwasa tija.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinkamuitana dzina limenelo,
koma sindilidziwa nkhope.
Kaya analemba iye, kaya analemba wina.

Palibe anaseka.
Mphepo yokha inkasewera ndi lata lakumapeto.

A Zuze, omwe aja a zonse, ndiwo anati,
Achimwene, nanunso lozani mzere.
Liti?
Ndinati mvula isanagwenso.
Dorika anati n'kutali, tiziti Seputembala.
Ndinavomera.

Nandau anatulutsa choko chija,
nalemba chilembo chimodzi pabolodi,
chachikulu, choimirira,
chonga chipeso cha mano atatu.
Ndinadzuka osadziwa kuti ndadzuka.
Ndinati ichi ndikuchidziwa,
chala changa chimayambira pomwepa!
Ndiye mmisiri anayamba bwino, anatero,
zatsala zisanu ndi chimodzi.

Zonse tinanenazo anazilemba papepala lalikulu,
analimata kukhoma ndi phala la chinangwa.
Palibe mwa ife angaliwerenge pakadali pano,
koma aliyense akudziwa pali mzere wake,
wanga ndi wachisanu ndi chinayi, pafupi ndi mng'alu.
Nangozo walumbira kuti Lachitatu lililonse azitifunsa
ngati mwini ngongole.

Pobwerera ndinadzera njira ya kumunsi,
yopanda anthu ambiri.
Ndinathyola kamtengo,
ndipo paliponse pamene fumbi linali losalala
ndinasiyapo chipeso.