Chala pa Njerwa

Ku ofesi anatipatsa baji ndi pepala loti tiloweze:
chaka chakuti anamanga, mzungu wakuti analamula,
apa imani, apa ajambule, apa musekeko pang'ono.
Ine ndinaloweza ngati katekisimu.

Lachinayi kunabwera mayi wina, dzina lake Ismay,
wochokera ku chilumba cha ku Karibiyani,
nkhope ngati azakhali anga a ku Chilomoni
koma moni wake wopindika lilime.
Anati kwawoko ntchito yake ndi yangayi:
kuyendetsa alendo m'mabwinja a chigayo cha nzimbe
momwe makolo ake anathyokera misana.
"Pano tinadzalapo maluwa," anatero,
"pakhomo pali wogulitsa ayisikirimu.
Loweruka anthu amachitirapo maukwati."
Sanaseke. Inenso ndinabweza mano.

Tinachoka ku Mandala wapansi,
kulambalala akabaza ndi ogulitsa mayunitsi,
dzuwa la Okutobala litatikhala pamutu,
mpaka pa tchalitchi chakale cha njerwa, ku Mishoni.
Ndinakonza kukhosi, nkuyamba:
kutalika kwake, nsanja zake, mazenera...
Mayiyo sankamva.
Anali atanjuta m'mbali mwa khoma, diresi m'fumbi,
chala chake chachikulu chili m'kadzenje ka pa njerwa,
kadzenje kosalala, kokwana bwino
ngati kanamudikira.

"Uyu ndani?"

Ndinatembenuza pepala langa. Kuseri kunalibe kanthu.

Kenaka ndinakumbukira bambo, akusoka nsapato pa Ginnery,
singano ili kukamwa,
akunena za agogo awo, Che Mwanyali,
amene ankaponda dothi kuyambira tambala woyamba,
malipiro ake mchere ndi mkono wa nsalu.
Ndinkayesa nkhani zotayitsa nthawi
poyembekeza kasitomala.

Sindinganene kuti chalacho ndi chawo.
Oumba anali ambiri, mayina awo anapsera mu uvuni.
Ndinangoti, "Mwina ndi wathu."
Iye anati, "Kwathu ndilibe ndi mwina yemwe."

Lolemba ndinauza a Kachingwe, abwana athu.
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi:
"Mlendo salipira madola kuti adzalire kuno, mwanawe.
Muikepo gule, tchopa kapena beni,
ayambe fili koloko, basi isananyamuke."
Ndinavomera. Lendi ya ku Zingwangwa siidziwa mbiri.

Gule alipo ndithu, ndipo amavina mokoma.
Koma pepala lija ndinalilemba kuseri ndi bolopeni,
mizere itatu, yokhotakhota.
Mawa kukubwera ana a Sitandade 6 a ku Ndirande,
makumi asanu ndi mphunzitsi mmodzi wotopa.
Sadzalipira kanthu.
Ndidzawaimika pamzere m'mbali mwa khoma lija,
aliyense ayese chala chake,
kenaka akafunse kunyumba
ngati kuli amene akukumbukabe dzina.